Kulimba mtima kumaphunzitsika? Ndikufuna njira zogwirika, osati “musamadandaule”

Nachisale_Mchinji

Moni nonse. Gulu lathu la banki mkhonde lagwirizana kuti Loweruka lililonse tikatha kuponya masheya tizitsalira mphindi 30 kukambirana za mtendere wa mumtima. Chavuta n'chakuti aliyense amene timamuitana kudzayankhula amanena zofanana: ganizani zabwino, limbani mtima, musamadandaule. Anthu amaomba m'manja n'kubalalika, koma pofika Lachitatu abwerera pamene anali, tulo osabwera, ngongole ili m'mutu.

Ndikupempha inu amene mumazidziwa bwino zinthuzi. Kodi munthu amachita chiyani kwenikweni, tsiku ndi tsiku, kuti chimwemwe chake chikhalitse komanso kuti akagwa azitha kudzuka? Zimatenga nthawi yaitali bwanji, nanga zimalakwika pati? Ndipo tingamuzindikire bwanji mnzathu amene zake zapitirira zokambirana pansi pa mtengo, wofunika kuchipatala?

Mlangizi_Zomba

Mayi Nachisale, mawu olimbikitsa amafa Lachitatu chifukwa munthu sangadzilamule kukondwa monga mmene amadzilamulira kunyamula khasu. Chimene angathe kulamula ndi chochita. Mtima umabwera pambuyo, ngati ngolo yotsata ng'ombe. Choncho mphindi 30 zanuzo musazithere pa ulaliki, zithereni pa ntchito.

Njira imene ndingakuuzeni inayesedwa kwa anansi athu ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu mzinda wa Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi odwala “kufungisisa”, kumene ife timati kuganiza kwambiri. Zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu 2016. Anthu anali 573 m'zipatala 24, theka la iwo amakumana ndi gogo mpaka ka 6, enawo ankalandira chithandizo cha masiku onse. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 okha ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Agogowo sankapereka ndalama kapena mankhwala. Ankaphunzitsa munthu kugwira vuto lake ndi manja awiri.

Zimayenda chonchi. Khalani awiriawiri, osati gulu lonse. Wina ayambe kukhuthula zonse zomuvuta kwa mphindi 10, mnzake akumvetsera n'kumalemba mitu yokha, osadula mawu, osati “ngakhale ine zinandichitikira”. Akatha, agawe pepala pakati. Mbali ina alembe zimene zili m'manja mwake, mbali ina zimene sizili m'manja mwake. Mvula, mtengo wa feteleza, kugwa kwa kwacha monga kuja inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imfa ya m'bale, khalidwe la apongozi: zonsezi zipite mbali yachiwiri. Sikuti n'zazing'ono ayi, koma palibe kuganiza kumene kungazisunthe.

Kuchokera mbali yoyamba asankhe vuto limodzi lokha, ndipo pa ulendo woyamba lisakhale lalikulu kuposa onse. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amati vuto langa ndi umphawi, kapena banja langa silikuyenda. Amenewo si mavuto ogwirika, ndi mitambo. Lidulenidulenibe mpaka likhale ndi nambala ndi tsiku: “fizi ya mwana yatsala K40,000 ndipo ikufunika pofika pa 20”, kapena “ine ndi abambo a kunyumba timakangana madzulo alionse pa za ndalama ya ndiwo”. Vuto likafika pamenepo, mwini wake atchule njira zosachepera 5 zolithetsera, ngakhale zooneka zopusa, ndipo pa nthawiyi palibe kuweruza. Njira yoyamba ndi yachiwiri kawirikawiri zimakhala zomwe anaziganiza kale usiku wonse n'kulephera. Zatsopano zimatulukira pa yachinayi kapena yachisanu, monga kukapempha kwa aphunzitsi aakulu kuti alipire magawo awiri, kapena kugulitsa nkhuku zitatu m'malo mwa thumba la chimanga. Kenako ayeze iliyonse: idya ndalama zingati, ifuna ndani, ingabweretse vuto lanji.

Wosankha ndi mwini vuto. Womvetsera akangoti “ine ndikanakhala inu ndikanatere”, ntchito yawonongeka, chifukwa njira ikakanika munthu amati analakwa ndi uja anandiuza, ndipo ikatheka saphunzirapo kuti iye mwini angathe. Chimene tikumanga pano si kulipira fizi kokha. Tikumanga chikhulupiriro chakuti “vuto likabwera ndili ndi pogwira”, ndipo kulimba mtima kwenikweni ndi kumeneko.

Chomaliza ndi pangano la sabata imeneyo: ndichita chiyani, tsiku liti, nthawi yanji, ndi ndani, ndipo zikakanika ndichita chiyani. “Ndiyesetsa kukaonana ndi aphunzitsi” si pangano. “Lolemba 7 koloko ndikaperekeza mwana kusukulu ndikalowa mu ofesi, akakhala kulibe ndikafunsa tsiku limene adzakhalepo” ndiye pangano. Katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti cholinga chomangiriridwa ku nthawi ndi malo mwanjira iyi chimachitika kwambiri kuposa cholinga chongoti ndidzachita. Loweruka lotsatira muyambe ndi kufunsana mmene zinayendera. Amene sanachite musamunyoze. Mufunseni chinamutsekereza n'chiyani, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti sitepe inali yaikulu, ingofunika kuidula pakati.

Chenjezo limodzi la gulu ngati lanu. Mu banki mkhonde anthu amakongozana, ndipo munthu sangakhuthule mtima kwa amene akumulonda pa ngongole. Aliyense asankhe yekha mnzake, msungichuma asakakamizidwe pa wina aliyense, ndipo mugwirizane poyera kuti zomveka pa awiri zikamveka pa mjigo, zokambiranazo zatha. Chinsinsi chikangoulula kamodzi, anthu adzabwerabe koma azidzangonena kuti zonse zili bwino.

Mphunzitsi_wopuma_Ntcheu

A Mlangizi afotokoza za kuchotsa minga. Ine ndionjezere za mbali inayo, chifukwa munda wopalira bwino koma wosadzala subereka.

Mtima wa munthu uli ndi chizolowezi chozolowera. Malata atsopano, foni yatsopano, kukwezedwa pa ntchito, zonse zimakoma masabata ochepa kenako zimasanduka za masiku onse. Mu 1978 Philip Brickman ndi anzake ku America anafunsa anthu 22 amene anawina ndalama zambiri pa lotale, ndipo anapeza kuti chimwemwe chawo sichinkasiyana kwenikweni ndi cha anansi awo amene sanawine. Chodabwitsa, tinthu ta tsiku ndi tsiku monga kucheza ndi mnzawo kapena chakudya cha m'mawa sitinkawakomera ngati mmene tinkakomera anzawowo. Anthu 22 ndi ochepa, tisamangepo nyumba, koma aliyense amene anagulapo njinga yatsopano akudziwa kuti nkhaniyi ndi yoona. Tanthauzo lake ndi lakuti chimwemwe chokhalitsa sichingachokere ku chinthu chimodzi chachikulu, chimachokera ku tinthu tobwerezabwereza.

Mwa tinthu timeneti, chachikulu ndi anthu. Yunivesite ya Harvard yakhala ikutsatira moyo wa amuna 724 kuyambira 1938, ena ophunzira pa yunivesite pomwepo, ena anyamata a m'makomboni osauka a mu Boston, ndipo pano ikutsatira ana awo. Chimene chinaonekera mobwerezabwereza n'chakuti amene anali ndi maubale abwino ali ndi zaka za m'ma 50 ndiwo anakalamba athanzi ndi okondwa. Pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955. Mwa amene anakulira mu umphawi ndi m'mabanja a ndewu kapena uchidakwa, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino, ndipo ambiri a iwo anali ndi munthu wamkulu mmodzi, gogo, azakhali, mphunzitsi, amene ankawasamala mosasinthasintha. Ife timadzitama ndi umunthu, koma tisadzinamize. Kukhala pa maliro ndi pa ukwati si ubale umene ukunenedwa pano. Funso loyezera ndi ili: mutadzidzimuka 2 koloko usiku muli ndi mantha, mungamuimbire ndani? Aliyense alembe mayina. Amene wapeza awiri ali bwino. Amene sanapeze ndi mmodzi yemwe, ntchito yake ya mwezi uno ndi imeneyo: asankhe munthu mmodzi, azimuyendera kapena kumuimbira kamodzi pa sabata pa tsiku lokhazikika, ndipo asamapite pokhapokha akafuna kubwereka.

Chachiwiri ndi kuphunzitsa maso kuona zimene zilipo. Njira yake ndi yophweka: madzulo musanagone, lembani kapena nenani zinthu zitatu zimene zayenda bwino lero, ndipo pa chilichonse munene chifukwa chake chinayenda. Martin Seligman ndi anzake anayesa zimenezi mu 2005, anthu akuchita kwa sabata imodzi, ndipo ena phindu lake linaonekabe patatha miyezi 6, makamaka amene anapitiriza okha. Zimalakwika pawiri. Poyamba, anthu amanena zikuluzikulu zomwezomwezo, “moyo, banja, thanzi”, ndipo pofika tsiku lachinayi yasanduka nyimbo. Nenani zenizeni za lero: mbuzi ija yadwala yadya, mwana wawerenga tsamba lonse yekha, a Phiri anandikweza pa njinga popanda kulipira. Pachiwiri, ena amasandutsa kuthokoza kukhala chikwapu: “uzithokoza, ena alibe n'komwe”. Mawu amenewo amatseka pakamwa, satonthoza. Munthu atha kuthokoza chifukwa cha mbuzi uku akulira mwana wake, ziwirizi sizilimbana.

Ndiye pali kudziyerekeza. Kale munthu ankadziyerekeza ndi anthu a m'mudzi mwake, lero akudziyerekeza ndi zithunzi za pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene aliyense amajambulitsa atatsamira galimoto. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindikuti tayani foni. Koma yesani sabata imodzi yokha: foni isalowe m'manja ola loyamba mukadzuka ndi ola lomaliza musanagone, ndipo aliyense amene zithunzi zake zimakusiyani muli wowawidwa mtima, mubiseni, palibe chifukwa chomuuza.

Achimwene_a_ku_Joni

Zonsezi n'zabwino, koma tisathawe nkhani ya ndalama, poti gululi ndi la banki mkhonde. Pali anthu amakonda kunena kuti ndalama sizibweretsa chimwemwe, ndipo kawirikawiri amanena atakhuta. Ku Zomba komweko kunachitika kafukufuku mu 2008 ndi 2009, atsikana ndi mabanja awo akulandira kandalama mwezi uliwonse. Sarah Baird ndi anzake anapeza kuti kuvutika maganizo kunachepa pakati pa atsikana a pasukulu pa nthawi imene ndalama inkabwera, ndipo ndalama itasiya phindulo linazilala. Nkhawa ya wosauka si kuganiza molakwika, ndi masamu osakwana. Kumuuza kuti asinthe kaganizidwe popanda kugwira masamuwo n'kumunyoza.

Chimene chimadya mtima kwambiri si kuchepa kwa ndalama kokha, ndi kusadziwa za mawa. Ndiye kaganizidwe kamene ndingalimbikitse ndi ka pepala ndi pensulo. Lembani ngongole zonse pa tsamba limodzi: kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza. Anthu ambiri sanaonepo nambala yonse pamodzi chifukwa amaiopa, ndipo chinthu chosaonedwa chimakula usiku. Yambani kubweza ya chiwongoladzanja chachikulu, yomwe nthawi zambiri imakhala ya katapila. Musabwereke ku gulu lina kuti mubweze ku gulu ili. Anthu olowa mabanki mkhonde atatu kapena anayi ndi amene amathera kulandidwa ziwiya. Thumba la zadzidzidzi la gulu lanu musamaliseweretse ngati ndalama ya zakumwa pa tsiku logawana. Ndi limene limapangitsa kuti mwana akadwala usiku munthu asathamangire kwa wakatapila.

Kwa amene amathandiza abale, kaya ali ku Lilongwe kaya kuno ku Johannesburg: ikani malire a mwezi, nambala yeniyeni, muwauze abale mwezi usanayambe, ndipo musankhe munthu mmodzi kumudzi wolandira ndi kugawa. Wopanda malire amatumiza mokwiya, kenako amasiya kuyankha foni, ndiye ubale umene a Mphunzitsi akunena uja wafa. Ndipo kubetcha pa mpira sikuchotsa nkhawa ya ngongole. Masamu ake anakonzedwa kuti wopambana pamapeto akhale mwini kampani.

Namwino_Kasungu

Ndiyankhe za thupi ndi funso lanu lomaliza, mayi.

Tulo poyamba, chifukwa munthu wosagona chilichonse chimamukulira. Wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Chogwira ntchito kwambiri si nthawi yogonera koma nthawi yodzukira: idzikhala imodzi masiku onse, ngakhale usiku unali woipa, ndipo kugona masana kusapitirire mphindi 30. Tiyi wakuda, khofi ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, imene theka lake limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Kapu ya 5 koloko madzulo ikadali kugwira ntchito 10 koloko usiku. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa nkhawa imadzuka itanenepa. Amene amamwa kachasu kuti aiwale akubwereka mtendere kwa katapila. Mukagona n'kuona kuti papita nthawi ngati mphindi 20 tulo osabwera, dzukani, khalani pampando mumdima kapena pa kuwala kochepa, mubwerere tulo tikayamba kukugwirani. Kugubuduka pa mphasa maola atatu kumaphunzitsa mutu kuti pogona ndi bwalo la milandu.

Za maganizo obwera usiku, kuwathamangitsa sikuthandiza. Daniel Wegner anayesa mu 1987: anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chinkangobwerabe m'mutu, kenako ataloledwa anachiganiza kwambiri kuposa anzawo. N'chifukwa chake “musamaganize” ndi langizo lopanda ntchito. Chimene chimathandiza ndi kuyapatsa maganizo nthawi yake. Sankhani mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse, dzuwa lisanalowe, pamalo amodzi osakhala pogona. Pamenepo dandaulani mokwanira, lembani. Nkhawa ikabwera nthawi ina, muiuze kuti tikumana 4 koloko, n'kubwerera ku chimene mumachita. Masiku oyamba imabwerera kakhumi pa ola. Pakatha masabata awiri ambiri amaona kuti yayamba kumvera.

Mtima ukamagunda kwambiri, pachifuwa pakuthina, pumani pang'onopang'ono ndi mimba: dzanja limodzi pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 3, tulutsani mukuwerenga mpaka 3 kapena 4, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Cholakwika chofala ndi kukoka mpweya wambiri mwamphamvu, ndiye munthu amachita chizungulire n'kuopa kwambiri. Cholinga ndi kuchedwetsa, osati kudzaza. Ndipo muziyeserera muli bwino, kawiri pa tsiku. Njira yoyamba kuiyesa tsiku la mantha siigwira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kupuma kotere m'ndondomeko yake ya Problem Management Plus ya 2016, pamodzi ndi kuthetsa mavuto kumene a Mlangizi afotokoza. Bungwe lomwelo limalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yotulutsa kathukuta. Wolima ndi wotunga madzi amakwanitsa kale, iye chimene akusowa ndi mpumulo. Uthengawu ndi wa okhala pa okala, mu ofesi ndi pa chiwongolero tsiku lonse.

Tsopano wofunika kuchipatala. Chisoni cha masiku onse chimabwera n'kupita, ndipo munthu amadyabe, amasekabe mwa apo ndi apo. Matenda a kukhumudwa ndi pamene kwa masabata awiri kapena kupitirira, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wokhumudwa kapena palibe chimene chikumukomera, ndipo pamwamba pake tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa kapena akudya mopitirira, watopa osagwira ntchito, akudziona wachabechabe, sakutha kuika maganizo pa chinthu, ntchito za pakhomo zaima. Kuno ambiri sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, ndipo amayezetsa malungo kangapo osapezeka. Yang'anirani kwambiri mayi amene wangobereka kumene, munthu amene wangouzidwa za matenda okhalitsa, ndi bambo amene wasiya kubwera ku gulu atalephera kubweza ngongole. Kuchipatala ayezenso magazi, shuga ndi chithokomiro, chifukwa kuchepa kwa magazi kokha kumatopetsa munthu mpaka kuoneka ngati wataya mtima.

Zina sizidikira masabata awiri. Munthu akanena kuti bola kufa, akayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika modabwitsa, akamamva mawu amene ena sakumva, akakhala masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa n'kumamwaza ndalama, apite lero lomwe. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, kumamutsegulira pakamwa. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi a thonje, zingwe ndi mapiritsi, ndipo mupite naye. Yambirani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, mufunse anamwino kapena a kiliniko oona za matenda a maganizo. Akafunika kutumizidwa, kuli Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akapatsidwa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, adziwe kuti amayamba kumveka patatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo amamwedwabe miyezi yosachepera 6 munthu atapeza bwino. Ambiri amasiya sabata yoyamba ati sakugwira, kapena mwezi wachiwiri ati ndachira, matenda n'kubwerera. Pemphero ndi mankhwala sizilandana malo.

Chinanso: kupirira kuli ndi malire. Amene akumenyedwa kunyumba safunika kuphunzitsidwa kupuma ndi mimba, afunika chitetezo, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit.

Nachisale_Mchinji

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Funso limodzi kwa a Mlangizi. Alipo ena amene sakudwala mpaka kufika pa zimene anena a Namwino, koma ukati tiyeni tipange pangano amangoti “ndilibe mphamvu, ndidzachita mtima ukadzakhala m'malo”. Ena amangobwereza kuti ine ndi watsoka, chilichonse ndikagwira chimafa. Amenewa timayamba nawo pati?

Mlangizi_Zomba

Woyambayo akudikira basi imene siibwera. Munthu akafooka amasiya zinthu zimene zinkamupatsa moyo, kwaya, bawo, dimba, kucheza pa chitsime. Akasiya amafookeratu, akafookeratu amasiyanso zina. Potulukira ndi kuchita mtima usanafune. Mufunseni zinthu zimene ankachita kale, musankhe ziwiri: chimodzi chokoma, chimodzi chaphindu. Muzichepetse mpaka zichititse manyazi. Osati kulima dimba lonse, koma kuthirira bedi limodzi la mpiru kwa mphindi 10, Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Osati kubwerera ku kwaya, koma kukakhala kumbuyo pa tsiku la pulakatisi. Asanayambe apereke malikisi a mmene akumvera, kuyambira 0 mpaka 10, akamaliza aperekenso. Kukwera kuchoka pa 3 kufika pa 4 n'kokwanira, chifukwa umboni wotero ndi wake, sanauzidwe ndi munthu. Musalonjeze kuti zizolowereka m'masiku 21 monga amanenera ena. Phillippa Lally ndi anzake ku London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku apakatikati 66 kuti chikhazikike, ena 18, ena mpaka 254, ndipo kudumpha tsiku limodzi sikunkawononga kanthu. Muwauziretu zimenezi, chifukwa ambiri akaphonya kamodzi amati basi ndalephera.

Wachiwiriyo, wa “ndine watsoka”, musamutsutse ndipo musamuuze kuti azinena kuti ndine wopambana. Joanne Wood ku Canada anapeza mu 2009 kuti anthu odziona otsika akamabwereza mawu odzitamanda otero amamva kuipa kwambiri, poti mtima umadziwa kuti ukunamizidwa. Njira imene anayala Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960 ndi yozenga ganizo ngati mlandu wa kwa amfumu. Ganizo linenedwe momveka: “chilichonse ndikagwira chimafa.” Mboni zovomereza ndi ziti? Bizinesi ya tomato inagwa, nkhuku zinafa ndi chitopa. Mboni zotsutsa? Apa amakhala chete, ndiye mufunse mafunso enieni: ana anawalera ndani, chimanga cha chaka chatha analima ndani, masheya a miyezi 8 waponya ndani? Kenako funsani kuti akanakhala mchemwali wake atagwa chonchi akanamuuza chiyani. Chigamulo chikhale choona, osati chokoma: “tomato anagwa chifukwa ndinapikula nthawi imene aliyense anali naye, nkhuku sindinazipatse katemera, zina ndimazitha.” Mverani mawu akuti nthawi zonse, chilichonse, palibe, aliyense. Akangotuluka, funsani kuti liti, kangati, ndani.

Pa mphindi 30 zanuzo ndingagawe motere: 3 zopuma pamodzi, 7 zofunsana za pangano la sabata yatha, 15 za awiriawiri, sabata ino wina sabata yamawa mnzake, ndi 5 zoti aliyense anene pangano lake latsopano kwa mnzakeyo. Chitani masabata 6 musanaweruze ngati zikuthandiza. Ndipo inu otsogolera mukhale ndi wanu wokumverani kunja kwa gululo, komanso mupeziretu dzina ndi tsiku la kiliniki ya maganizo pa chipatala chanu Loweruka loyamba lisanafike.